Kodi Mbiri ya Woimba Izilembedwa Ngati ya Pamaliro?

Evison Matafale anamwalira pa 27 November 2001 ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi. Anali ndi zaka 32, ndipo anasiya zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Papita zaka zoposa makumi awiri koma kuno ku Muloza mawu ake sanazilale. Amamveka m'malo ometera ndi m'mabala a pa Limbuli, m'mafoni a anyamata a kabaza amene amadikira anthu kufupi ndi chipata, ngakhalenso tsidya lija la Milange kumene nyimbo za ku Malawi zimakondedwa ngati kwawo. Ambiri mwa achinyamata amene akuziika m'mafoni lero anabadwa mwiniwake atagona kale ku Chileka. Matafale amene iwo akumudziwa ndi wongomva: wa pa wailesi, wa m'nyuzipepala za mwezi wa November, wa pa chikumbutso chimene chimachitika chaka ndi chaka kwawo.

Matafale wongomvayu ndi mneneri. Ndi munthu woona patali, wolankhulira amphawi, amene anafera choonadi. Pamenepa ndi pamene anthu amagawikana. Ena akuti mbiri imeneyi ndiyo yomuyenera, ndipo wofuna kuwonjezerapo china ali ndi kampeni kumphasa. Ena akuti munthu amene akukambidwayu si amene anayenda m'misewu ya Blantyre ndi kaseti m'thumba, ndipo kumuyeretsa chotere n'kumulakwira. Mkanganowu si wa Matafale yekha. Umabuka paliponse pamene woimba wotchuka wamwalira ndipo otsala atenga cholembera.

Tiyambe ndi amene akuti musiyeni agone, chifukwa mfundo zawo si zachibwana.

Iwo akuti wakufa sayankha. Munthu wamoyo ukamunamizira amapita ku wailesi kukatsutsa, kapena amakutengera kubwalo. Wakufa alibe pakamwa, ndipo wolemba aliyense wofuna kutchuka angathe kumukwera pamsana. Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri kunja ndi cha Albert Goldman wa ku America. Mu 1981 iye anatulutsa buku la moyo wa Elvis Presley limene linanyoza woimbayo mpaka umphawi wa kumene anachokera. Mu 1988 anatulutsanso lina la John Lennon wa gulu la Beatles, amene anawomberedwa ku New York pa 8 December 1980. M'bukulo Lennon ndi munthu wodzitsekera m'nyumba, womwa mankhwala ozunguza bongo, wankhanza, mpaka kumuganizira milandu yoopsa imene inalibe mboni zogwirika. Mkazi wake Yoko Ono analikana bukulo, ndipo mnzake wa m'gululo Paul McCartney anapempha anthu kuti asaligule. Koma linagulidwa ndithu, pakuti nkhani yonyansa ya munthu wotchuka sisowa msika. Ndiye akufunsa kuti: izi ndi zimene mukufuna kuti zidzachitikire oimba athu?

Akuwonjezera kuti Malawi si America. Kuno dziko ndi laling'ono ndipo aliyense ali ndi mbale wake pafupi. Zimene ungalembe za woimba wa ku Chileka, wa ku Balaka kapena wa ku Thyolo zikawerengedwa ndi mayi ake, mkazi wake wamasiye ndi ana ake amene akupita kusukulu limodzi ndi ana a anzawo. Tikudziwanso chimene anthu athu amathamangira akamva kuti tikambe zoona za malemu: sathamangira kufunsa mmene ankapekera nyimbo, amathamangira kunong'onezana za matenda amene anamutenga ndi akazi amene ankayenda nawo. Oimba ambiri a m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 anapita adakali anyamata, ndipo pa aliyense wa iwo panali manong'onong'o. Kutsegula khomo limeneli, akutero, n'kupereka chilolezo kwa amiseche kuti miseche yawo ikhale buku.

Mfundo yawo yolemera kuposa zonse ikukhudza imfa ya Matafale yeniyeniyo. Munthuyu anamangidwa akudwala, chifukwa cha makalata amene analemba odzudzula pulezidenti wa nthawiyo, Bakili Muluzi. Anachotsedwa ku Blantyre n'kutengedwa ulendo wa makilomita oposa 300 kupita ku Lilongwe, ndipo patangopita masiku ochepa anamwalira. Kafukufuku wa boma anati chinamupha ndi chibayo. Ambiri mwa omutsatira sanavomereze, ndipo mpaka lero savomereza. Pamene nkhani ili chonchi, aliyense amene ayamba kutchula zofooka za malemu akuthandiza, mwadala kapena mosadziwa, anthu amene akufuna kuti tizinena kuti anaziputa yekha. Boma linali ndi apolisi, ndende ndi wailesi. Mnyamata wa kwa Singano ku Chileka uja anali ndi mawu ake okha. Akuti ngati pali mbali yofunika kuitchinjiriza, ndi yakeyo.

Ine mfundo imeneyi ndimaimva, ndipo sindiipeputsa. Koma sindikhulupirira kuti imatifikitsa kumene eni ake akufuna.

A mbali inayo akuyamba ndi makalata omwewo. Aliyense amadziwa kuti Matafale anamangidwa chifukwa cholemba makalata. Ndi angati amene amanena zimene zinali m'makalatamo? Malipoti a nthawiyo anati iye anadzudzula Muluzi kuti akudyera masuku pamutu Amalawi wamba, komanso kuti akukondera Asilamu ndi amalonda a Chimwenye. Gawo loyambalo timalibwereza chaka chilichonse. Gawo lachiwirilo timalidumpha, chifukwa silikhala bwino pa chithunzi cha mneneri wa anthu onse. Komatu ndi gawo limenelo limene likutionetsa munthu weniweni, munthu amene mtima unali ukuwira. Woimba wa nthawi imeneyo ankajambula nyimbo ndi ndalama zovutikira, kenaka n'kukagogoda kwa eni masitolo ochepa amene ankachulukitsa ndi kugulitsa makaseti, ndipo mtengo ankaunena ndi iwowo. Nyimbo zinkalira m'minibasi iliyonse pamene mwiniwake alibe ya minibasiyo. Mkwiyo wa Matafale unali ndi gwero, ndipo wolemba wachilungamo ayenera kulifotokoza gwerolo mpaka pansi. Koma ayeneranso kunena kuti mkwiyo ukafika poloza chala chipembedzo chonse kapena mtundu wonse wa anthu, waphonya. Pa Limbuli pomwepa pali Asilamu osauka ngati wina aliyense, amene amaimba nawo nyimbo zake pamtima. Kodi iwowo sayenera kudziwa zimene analemba, ndi chimene chinamufikitsa pamenepo?

Ndipo kunena zimenezi sikuchotsa kalikonse pa mlandu wa amene anamumanga. Munthu samangidwa chifukwa cha kalata, ngakhale ikhale yaukali bwanji. Lamulo loletsa mawu oukira boma limene linkagwiritsidwa ntchito pa anthu ngati iye, Nyumba ya Malamulo inalichotsa mu 2022, patatha zaka 21 iye atamwalira. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi a mbali yoyamba ija. Tikamaumirira kuti Matafale anali wopanda banga kuti imfa yake ioneke yopweteka, tikuphunzitsa ana athu chinthu choopsa: kuti woyenera kumumvera chisoni akafera m'chitokosi ndi woyera mtima yekha. Wamkwiyo, wolakwitsa, wolankhula mopyola muyezo, nayenso ali ndi ufulu wopita kuchipatala akadwala ndi wobwerera kwawo wamoyo.

Pali chinanso chimene dzina la mneneri limatibisira. Likamveka, anthu amaganiza kuti nyimbo zinkangomutsikira. Za ntchito sizikambidwanso: mmene anagwirira ndi a Wailing Brothers pa chimbale choyamba, chimene chinachititsa kuti pa chachiwiri akhale ndi Black Missionaries pamodzi ndi ana a Robert Fumulani, mmene ankasankhira mawu, amene ankamutsutsa pokonzekera nyimbo, zimene ankawerenga. Nyimbo yake ya Time Mark, imene anthu amaigwirizanitsa ndi kugwetsedwa kwa nyumba zazitali za ku New York pa 11 September 2001, imakambidwa ngati umboni wa ulosi basi, osati ngati ntchito ya munthu amene ankatsatira nkhani za dziko ndi kuwerenga Baibulo mwakhama. Mnyamata wa ku Muloza amene akufuna kudzakhala woimba sangaphunzire kanthu kwa mneneri, pakuti uneneri suphunziridwa. Kwa mmisiri angaphunzire.

Amene akuti mbiri izilembedwa ndi achibale ndi abwenzi okha ayenera kuonanso zimene zinachitikira Freddie Mercury, woimba wa gulu la Queen amene anabadwira ku Zanzibar mu 1946. Kanema wa moyo wake, Bohemian Rhapsody, anatuluka mu 2018 anzake a m'gululo, Brian May ndi Roger Taylor, ali m'gulu la oyendetsa ntchitoyo. M'kanemamo Mercury akuuza anzake kuti ali ndi kachilombo ka HIV asanakwere pa nsanja ya Live Aid pa 13 July 1985. Koma Jim Hutton, amene ankakhala naye, ananena kuti anamupeza ndi kachilomboka mu 1987. Anasuntha zaka ziwiri kuti nkhani ikome. Kanemayo akuonetsanso Mercury ngati amene anasokoneza gulu pofuna kuimba payekha, chonsecho Taylor anali atatulutsa kale zimbale zakezake iye asanatero. Awa sanali adani. Anali anzake omukonda, koma otsala akamafotokoza, nkhani imawakomera otsalawo. Chikondi nachonso chimapotoza, kungoti chimapotoza mwaulemu.

Ngakhale pa Lennon paja, choipa cha Goldman sichinali kutchula nkhanza. Lennon mwiniwake anavomera poyera mu 1980, atatsala pang'ono kuphedwa, kuti ali mnyamata ankamenya akazi, ndipo mkazi wake woyamba Cynthia analemba za kumenyedwa kwake m'buku lake la mu 2005. Choipa cha Goldman chinali kusakaniza zoona ndi zongomva, ndiponso kulemba ngati munthu amene akudana ndi amene akumulembayo. Pa Elvis panadzabwera wolemba wina, Peter Guralnick, amene anatulutsa mabuku awiri, mu 1994 ndi mu 1999. Sanabise mapiritsi amene anamudya woimbayo, sanabise kugwa kwake. Koma anayamba ndi mnyamata wosauka wa ku Tupelo ndi ku Memphis amene ankakonda nyimbo za kutchalitchi, n'kuyenda naye pang'onopang'ono, moti pofika pa kugwapo wowerenga amalira m'malo moseka. Choncho si zoona kuti njira zilipo ziwiri zokha, kunyoza kapena kupembedza.

Kwathu kuno nkhaniyi yatulukiranso pa Lucius Banda, amene anamwalira pa 30 June 2024 ku Johannesburg. Amene adzalembe moyo wake adzafika pa chaka cha 2006, pamene khoti linamugamula kuti akakhale kundende miyezi 21 pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, n'kutuluka patapita miyezi yochepa atachita apilo. Adzafikanso pa mfundo yakuti izi zinachitika iye atatsogolera m'Nyumba ya Malamulo nkhani ya ndondomeko yochotsera pulezidenti pa mpando, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Wodana naye adzalemba za satifiketi zokha. Womukonda adzalemba za ndale zokha. Lucius mwiniwake sanaibise ndendeyo, anaitcha chimbale chake Cell 51 Maximum. Ngati mwiniwake sanachite nayo manyazi, ife tikuibisiranji?

Pali mtundu wina wa kupotoza umene mbali zonse ziwiri siziutchula kawirikawiri, ndipo kwa ine ndi umene ukutidya kwambiri. Ndi wa mlendo amene amabwera ndi chikondi chenicheni koma n'kuona chokhacho chimene kwawo chimagulitsa.

Woimba weniweni wa rock amene anaimba m'chilankhulo chathu ndi Paul Ngozi wa ku Lusaka, dzina lake lobadwa nalo Paul Dobson Nyirongo, amene anabadwa mu 1949 n'kumwalira mu 1989. Ndi gulu lake la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977, nthawi imene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Chuma cha Zambia chitagwa pamodzi ndi mtengo wa kopa, nyimbozi zinaiwalika kwa zaka zambiri, kufikira pamene kampani ya ku America ya Now-Again inayamba kuzitulutsanso. Mu 2017 inatulutsa Welcome to Zamrock!, nyimbo pamodzi ndi mbiri, yolembedwa ndi Eothen Alapatt ndi Leonard Koloko wa ku Zambia. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid, ndipo anthu miyandamiyanda amene sadziwa kumene kuli Lusaka anamva Chinyanja koyamba.

Tawerengani tsono zimene nyuzipepala zakunja zimalemba za munthuyu. Gitala yolira mwaukali, kuimba ndi mano, kufanana ndi Jimi Hendrix kapena Black Sabbath, dzina loopsa. Zonsezi n'zoona, koma ndi Ngozi wa munthu amene samva Chinyanja. Wakumva mawu amapeza munthu wina: wolangiza, wodzudzula makhalidwe a m'makomboni, wokamba za mabanja, umphawi ndi ulemu. Nyimbo imene Tyler anatengamo chidutswa ija ikukamba za mlendo wolongolola amene sasunga ulemu pakhomo pa mnzake, nkhani imene agogo aliyense wa kuno angaimve. Kunja amamva phokoso la chilombo cha pa nsanja, ife timamva mkulu wa pamudzi amene wanyamula gitala ya magetsi.

Oikira kumbuyo alendowa ali ndi yankho, ndipo ndi lamphamvu. Akuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pakanapanda iwo kufunafuna mbale zakale zija, bwenzi Ngozi ali dzina la m'makumbukiro a nkhalamba zokha. Eni dziko tinali kuti zaka zonsezo? Funso limeneli limandiluma, ndipo ndilibe poliyankhira mokwanira. Komabe taonani kusiyana kwa Ngozi ndi Emmanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari, wa gulu la WITCH. Anzake onse amene anayamba nawo gululo anamwalira, iye anatsala. Pamene Gio Arlotta wa ku Italy anatulutsa kanema wa gululo mu 2019, Jagari anali pomwepo kudzilankhulira: kuti anakhalapo mphunzitsi, kuti anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja, kuti ndi munthu wopemphera. Mbiri yake ili ndi mnofu chifukwa anafunsidwa ali moyo. Ya Ngozi yatsala ndi mano pa waya wa gitala.

Sitifunika kupita ku Lusaka kuti tione zimenezi. Allan Namoko anali wa ku Thyolo, oyandikana nafe, ndipo ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe chimene timalankhula kuno. Anabadwa mu 1956 n'kumwalira mu 1995. Chimbale chake ndi Chimvu Jazz, Ana Osiidwa, chinatuluka ku Glasgow mu 1992 kudzera ku Pamtondo ya John Lwanda. Funsani munthu aliyense kuti Namoko anali ndani, akuyankhani zinthu zitatu: anali wosaona, anali wosauka, ankaimba banjo. Kutha. Palibe amene akumunyoza pamenepo, koma palibenso munthu. Munthu amene anatsogolera gulu kwa zaka zambiri, kuyenda nalo m'misika, kugawa ndalama zochepa zija, kupeka nyimbo zimene zikuvinidwabe m'maukwati, sangakhale wongomvetsa chisoni. Anali ndi nzeru za utsogoleri, anali ndi nthabwala zake ndi zomukwiyitsa zake. Chifundo chathu chamuphimba monga mmene ulemu waphimbira Matafale.

Kuti zingatheke kuchita bwino, umboni uli m'mudzi womwewo wa Singano. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi anyamata awiri oimba m'misewu ya Blantyre, Daniel ndi Donald Kachamba. Sanangojambula n'kuthawa. Anabwerera kambirimbiri, ndipo mu 1974 anatulutsa buku la gulu lawo. Analemba mmene Daniel ankamangira mawaya a gitala, kumene anatenga kwela pamene banja lawo linkakhala ku Salisbury, zimene anyamatawo ankanena okha za nyimbo zawo. Pambuyo pake anaimba limodzi ndi Donald kwa zaka zambiri, ndipo Moya Aliya Malamusi wa m'mudzi momwemo anapitiriza ntchito yosunga mbiri ya nyimbo za m'deralo. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, chaka chomwecho cha Matafale. Wina anganene kuti Kubik anali bwenzi, ndiye nayenso anali ndi mbali. Zoona. Koma anasiya masiku, malo, zithunzi ndi mawu a eni ake, moti wofuna kumutsutsa ali ndi poyambira. Lero tikudziwa zambiri zotsimikizika za mmene Daniel Kachamba ankagwirira gitala mu 1967 kuposa za mmene Matafale ankapekera nyimbo mu 2001. Chodandaulitsa n'chakuti zambiri za Kubik zili m'Chingerezi ndi m'Chijeremani, m'mabuku amene mwana wa ku Muloza sadzawaona.

A mbali yoyamba aja amakonda kutsekera mkangano ponena kuti mwambo wathu sulola kunena zoipa za malemu. Apa ndikuwapempha akumbukire maliro onse, osati chigawo chimodzi. N'zoona kuti woimira banja akaimirira kuwerenga mbiri ya malemu amatchula tsiku lobadwa, ubatizo, sukulu, ukwati, ana ndi kudwala, osawonjezera china. Imeneyo ndi nthawi ya misozi ndipo palibe wanzeru amene angaisokoneze. Koma pa maliro omwewo pamamvekanso chilengezo chakuti amene malemu anali naye ngongole, kapena amene anakongola kwa malemu, aonane ndi akubanja. Zovuta zikatha, ankhoswe ndi eni mbumba amakhala pansi, ndipo pamenepo zonse zimatuluka: ngongole, ana a kumbali, munda umene unali pa mkangano. Sachita izi pofuna kunyoza wakufayo. Amachita kuti agone bwino ndi kuti otsala asadzakangane. Makolo athu anaika nthawi ya kulira ndi nthawi ya kuwerengera. Ife pa oimba athu taima pa nthawi yoyambayo zaka makumi awiri, tikuwerengabe pepala la kumanda lomwe lija November aliyense.

Choncho pa funso lakuti mbiri zimene tili nazo zikuwachitira chilungamo oimba athu, yankho langa ndi lakuti ayi. Sizikuwanamizira zoipa ngati za Goldman, ndipo pa chimenecho tithokoze. Zikuwachepetsa. Mmodzi zamusandutsa mneneri, wina wosaona womvetsa chisoni, wina chilombo cha gitala. A mbali yoyamba akunena zoona pa chinthu chimodzi chimene sindingachisiye: pali zinthu zimene si za wolemba. Matenda amene banja silinanene, wolemba asawaganizire. Nkhani ya kuchipinda imene sikhudza nyimbo kapena ntchito ya poyera, aisiye. Chimene wamva kwa munthu mmodzi yekha, makamaka amene anali pa mkangano ndi malemu, asachilembe ngati choona, ndipo banja lipatsidwe mpata woyankha lisanaone dzina la mbale wawo m'buku. Koma chimene woimbayo anachita poyera, chimene analemba ndi dzanja lake, mmene ankakhalira ndi anzake a m'gulu, mmene ankagawira ndalama, zimenezo ndi mbali ya mbiri ya dziko, ndipo banja silingazitsekere m'sutikesi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti pamene tikukangana, mboni zikutha. Musamude Fumulani, amene anatsogolera Black Missionaries Matafale atamwalira ndipo ankamudziwa kuyambira ubwana, anapita mu 2007. Amene anaimba ndi Namoko, amene anamuona akudutsa m'misika ya kuno ndi banjo yake, ndi okalamba tsopano. Amene ankagulitsa makaseti, amene ankajambula m'masitudiyo, atolankhani amene anaona makalata aja ndi maso awo, sadzakhalapo mpaka kale.

Ndikupempha ophunzira a ku yunivesite ku Zomba amene amasowa mutu wa kafukufuku, atolankhani a mawailesi a m'madera muno, ndi aphunzitsi a Chichewa a m'sukulu za Mulanje ndi Thyolo: foni imene muli nayo m'thumba imajambula mawu. Pitani kwa Singano, pitani ku Chimvu, pitani ku Balaka. Mukafunse mwaulemu, mukalembe dzina la wolankhula ndi tsiku, mukamve mbali zonse, ndipo mukalembe m'Chichewa kuti anyamata a pa Limbuli adzawerenge okha. Ndipo inu akubanja la oimbawa, akabwera ana amenewa musawabweze pakhomo.